Mmene Mungalukire Chingwe M'mphepete mwa Chikwama Chachikopa

Chikwama chachikopa chimayamba kutha m'mphepete. Zikopa ziwiri zimene zangomatidwa ndi guluu zimalekana zikanyowa kangapo, ndipo ulusi wa nayiloni, ngakhale uli wolimba, umasiya mphepete poyera kuti izikhulika m'thumba mpaka iyambe kunyenyeka. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo vutoli limafulumira chifukwa mvula imagwa yambiri, komanso m'miyezi yozizira chiperoni chimatha kukhala masiku angapo chinyezi chili ponseponse. Kuluka chingwe chachikopa m'mphepete kumagwira zikopa ziwirizo pamodzi, kumaphimba mphepete kuti isakhulike, ndiponso kumapatsa chinthucho maonekedwe amene wogula amalolera kuwonjezerapo ndalama. Anthu ambiri akaona chikwama cholukidwa bwino amaganiza kuti luso lonse lili m'zala za wolukayo, koma zoona zake n'zakuti ntchito imakoma kapena kuipa chingwe chisanalowe n'komwe m'bowo loyamba. Mabowo akakhala pamzere ndipo chingwe chikadulidwa mofanana, ngakhale wophunzira amatulutsa ntchito yooneka. Zikalakwika ziwirizi, palibe mmisiri amene angazibise.

Tiyambe ndi chikopa chenichenicho. Chikopa chimene changosendedwa pa mbuzi n'kuyanikidwa padzuwa, chonga chija amakungira ng'oma, sichiyenera ntchito imeneyi, chifukwa chikauma chimalimba gwa, chikanyowa chimafewa n'kuyamba kununkha. Chofunika ndi chikopa chofufutidwa. Chofufuta ndi makungwa a mitengo chimakhala cholimba, chimamwa dontho la madzi n'kuderapo, ndipo mukachidula mkati mwake mumaoneka mofiirira. Chofufuta ndi mankhwala a kufakitale chimakhala chofewa, ndipo kawirikawiri podulapo pamaoneka motuwira chakubuluu. Choyambacho ndicho chabwino pa thupi la chikwama, lamba kapena chimake cha mpeni, chifukwa mabowo ake sakhadzuka msanga. Chachiwiricho ndi chimene mungachipeze mosavuta pa kaunjika, m'majekete ndi m'zikwama zakale zimene zimagulitsidwa m'misika ngati ya Limbuli, Chitakale, Luchenza ndi Bvumbwe, ndipo chimatha kutulutsa chingwe chogwirika ngati muchidula chokulirapo pang'ono n'kuchikoka kuti chimalize kutamuka musanachigwiritse ntchito. Pogula, tembenuzani muone kumbuyo kwake. Mukapeza nsalu yomatidwa ku chikopacho, dziwani kuti ndi pulasitiki, ndipo chingwe chake chidzasendeka musanafike pa bowo lakhumi.

Chikopa cha mbuzi ndi chabwino pa chingwe chifukwa ndi chopyapyala koma cholimba. Amisiri a kunja amatama cha nyama ya ku Australia yotchedwa kangaroo kuti ndicho cholimba koposa, koma cha mbuzi kapena cha mwana wa ng'ombe chimakwanira pa ntchito zonse zimene tikukamba pano. Dulani chingwe kuchokera kumsana kwa chikopa, osati kumimba, pakuti kumimba kumatamuka kwambiri ndipo chingwe chake chimaonda malo ena n'kunenepa malo ena.

Zipangizo sizifuna ndalama zambiri. Mufunika lumo lakuthwa kapena mpeni wonola bwino, rula yachitsulo, kampasi ya kusukulu, nyundo yamtengo, chipika choboolerapo, guluu wa osoka nsapato ndi phula la njuchi, limene alimi a njuchi a m'mphepete mwa phiri la Mulanje amakhala nalo akafinya uchi. Choboolera mungachisule nokha: tengani msomali wa mainchesi 4, muphwanye nsonga yake ndi hamala kuti ikhale yaphanthiphanthi, kenako muipale ndi tupa mpaka ikhale ngati katchizulo kotambalala mamilimita 3. Mukamaliza, chotsani dzimbiri lonse ndi sandipepa, chifukwa chitsulo chadzimbiri chikakhudza chikopa chonyowa chofufuta ndi makungwa chimasiya banga lakuda limene silichoka. Singano ya ntchitoyi imakhala yaphanthiphanthi ndipo imaluma chingwe kumapeto. Ngati simungaipeze, dulani kachidutswa ka chitini kotalika masentimita 3, mukapinde mozungulira nsonga ya chingwe n'kukapsinja ndi pulayala. Ena amangosongola nsonga ya chingwecho n'kuipaka guluu wouma msanga kuti ilimbe, ndipo njira imeneyi imagwira, kungoti nsongayo imafuna kuidula ndi kuikonzanso ikafooka.

Kudula chingwe ndi kumene kumafuna kudekha kwambiri. Mukadula mizere yowongoka, chingwe chanu chidzatalika kulekeza pamene chikopa chalekeza, ndipo mudzangokhalira kulumikiza. Njira yabwino ndi kujambula bwalo ndi kampasi, kulidula, ndiyeno kudula chingwe mozungulira kuchokera kunja kulowa mkati. Bwalo la masentimita 20 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, mukalidula m'lifupi mwa mamilimita 3, limapereka chingwe chopitirira mamita 9 chosadukiza. Kuti m'lifupimo mukhale mofanana, khomani lumo pa thabwa chilili, ndipo pambali pake mukhome kamtengo kosalala motalikirana ndi lumolo mamilimita 3. Yambitsani kamchira ndi mpeni, mukalowetse pakati pa lumo ndi kamtengoko, kenako muzikoka kamchirako ndi dzanja lamanja pang'onopang'ono, dzanja lamanzere likuzunguza bwalolo kuti mphepete yake isachoke pa kamtengo. Mukayandikira pakati, pamene bwalo latsala laling'ono ngati kukamwa kwa kapu, lekani, pakuti chingwe chochokera pamenepo chimakhala chokhota kwambiri moti sichiwongoka.

Chingwe chikangodulidwa chimakhala chopotana. Chinyowetseni pang'ono ndi kansalu, muchimange pakati pa mizati iwiri chokungika, chiume pamthunzi. Chikauma, chigonekeni pa thabwa mbali yosalala ili pansi, ndipo mupale ndi lumo m'mbali mwake monse muwiri kumbali yokhakhala, kuti m'mbalimo mupyapyale kusiyana ndi pakati. Ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa ndi lotopetsa, komatu ndi limene limachititsa kuti chingwe chigone bwino pa chinzake m'malo motukula m'mbali n'kuonetsa mnofu wotuwa. Pomaliza chikokeni kawiri kapena katatu pa chibulu cha phula la njuchi. Phula limachititsa kuti chingwe chiziterera m'mabowo osanyenyeka, ndiponso limachedwetsa madzi kulowa.

Tsopano mphepete. Dulani zikopa ziwirizo kuti zilingane ndendende, ndipo ngodya zake muzidule mozungulira potsatira ndalama yachitsulo, chifukwa ngodya yosongoka imavuta kuiphimba. Ngati chikopa ndi chochindikala, palani mkati mwa mphepete zonse ziwiri kuti zikaphatikizana zisapitirire mamilimita 3 kapena 4. Pakani guluu kamzere kakang'ono m'mphepete mokha, mudikire aume mpaka asamamate chala, ndiyeno muphatikize n'kugogoda pang'ono. Ndi kampasi yotsegula mamilimita 3, mwendo umodzi ukutsetsereka m'mphepete, lembani mzere wozungulira ntchito yonse. Pa mzere umenewu ndi pamene padzakhale mabowo. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti bowo litalike mofanana ndi m'lifupi mwa chingwe, mpata wa pakati pa mabowo ukhale womwewo, ndipo kutalikirana kwa mzere ndi mphepete kukhalenso komweko. Mabowo akatalikirana kwambiri, chikopa chimaonekera pakati pa misoko. Akathithikana, chikopa chimang'ambika kuchokera bowo lina kufika linzake. Akalowa mkati kwambiri, chingwe chimafinya mphepete n'kuikwinyitsa.

Yambani kuboola pa ngodya, osati pakati pa mzere. Boolani bowo limodzi pakatikati pa ngodya iliyonse, kenako muyeze mtunda wotsala pakati pa ngodya ziwiri n'kuugawa mofanana, kuti musadzafike kumapeto n'kupeza kampata kosakwana bowo. Ngati pali kusiyana kwakung'ono, kugaweni pa mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndipo diso silidzaona. Ikani ntchitoyo pa chipika choimika, pamene mtengo unadulidwa mopingasa, kuti choboolera chisabunthe, ndipo chigwireni chilili njo. Choboolera chikapendekeka, kutsogolo mzere umaoneka wowongoka koma kumbuyo umakhota, ndipo zimenezi zimaonekera pokhapokha chingwe chitalowa kale.

Musanayambe, werengerani kutalika kwa chingwe chimene chidzafunike. Mwa mitundu itatu ya kalukidwe imene ndifotokoze m'munsimu, msoko wongokulunga umadya chingwe chotalika pafupifupi katatu ndi theka kuyerekeza ndi mphepete, kalukidwe ka mphete imodzi kamadya pafupifupi ka 6, ndipo kalukidwe ka mitanda kamadya pafupifupi ka 8. Mwachitsanzo, kachikwama ka foni kotalika masentimita 16 ndi kotambalala masentimita 9, kolukidwa mbali zitatu, kali ndi mphepete ya masentimita 41, choncho pa kalukidwe ka mitanda konzani chingwe cha mamita atatu ndi theka. Koma musaluke ndi chingwe chonsecho nthawi imodzi. Chingwe chilichonse chimadutsa m'bowo lililonse kuyambira ku nsonga mpaka pamene chikuthera, motero chikatalika kupitirira mamita awiri, chakumapeto chimafika pa malo ake chitakhulika kale n'kuonda. Ndi bwino kuchigawa pawiri n'kulumikiza.

Msoko wongokulunga sufuna mawu ambiri. Gwirani ntchitoyo kutsogolo kwake kukuyang'anani, muziluka kuchokera kumanzere kupita kumanja. Lowetsani singano m'bowo kuchokera kutsogolo kutulukira kumbuyo, muidutse pamwamba pa mphepete kubwerera kutsogolo, mulowetsenso m'bowo lotsatira, basi. Mukafika kumapeto n'kubwerera m'mabowo omwewo kuchokera kumanja kupita kumanzere, misokoyo imapingasana n'kupanga mitanda yooneka bwino pa chimake cha chikwanje kapena cha mpeni wodulira tiyi. Kalukidwe ka mphete imodzi kamangowonjezera chinthu chimodzi: mukatuluka m'bowo, musakoke mpaka kumapeto, siyani kamphete pamwamba pa mphepete, mubweretse singano kutsogolo n'kuilowetsa pansi pa kamphete kameneko, ndiyeno mukoke kampheteko choyamba, chingwe pambuyo.

Kalukidwe kamene ndikuona kuti ndi koyenera kukaphunzira mofatsa ndi ka mitanda, kamene m'mavidiyo a pa YouTube amakatchula kuti double loop. Kamaphimba mphepete yonse ya zikopa ziwiri, ndipo pamwamba pake pamaoneka ngati tsitsi lolukidwa mzere umodzi wothina. Kayendedwe kake ndi aka. Lowetsani singano m'bowo loyamba kuchokera kutsogolo, mukoke mpaka kutsogoloko kutsale kamchira ka masentimita awiri. Tukulani kamchirako mukagoneke pamwamba pa mphepete mopendekera kumanja, mukagwire ndi chala. Bweretsani chingwe kuchokera kumbuyo, chidutse pamwamba pa kamchirako, ndipo muchilowetse m'bowo lachiwiri, kuchokera kutsogolonso. Mukakoka, mudzaona kuti chingwe ndi kamchira zapingasana pamwamba pa mphepete n'kupanga mtanda. Bweretsaninso singano kutsogolo, muilowetse pansi pa mtanda umenewo, pansi pa zingwe zonse ziwiri, nsonga ikuloza kutali ndi inu. Kokani mosathinitsa. Tsopano lowetsani m'bowo lachitatu, ndipo mukakoka mudzaona mtanda watsopano utapangika kumanja kwa woyamba uja. Lowani pansi pake monga poyamba. Kuchokera apa ntchito yonse ndi kubwereza zinthu ziwiri zokha: m'bowo, pansi pa mtanda; m'bowo, pansi pa mtanda.

Pali zinthu ziwiri zimene zimawononga kalukidwe kameneka, ndipo zonse zimachitika mwakachetechete. Choyamba ndi kupotoka kwa chingwe. Mbali yosalala iyenera kukhala kunja nthawi zonse, choncho musanalowetse singano, tsetseretsani chingwe pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuchokera pamene chatulukira mpaka ku singano, kuti muone kuti sichinatembenuke. Singano ikamalowa m'bowo, mbali yokhakhala ya chingwe iyang'ane m'mwamba. Mukapeza msoko wotembenuka patadutsa mabowo asanu, masulani asanuwo, pakuti msoko umodzi wotuwa pakati pa misoko yonyezimira ndi umene diso la wogula limayambira kuona. Chachiwiri ndi kakokedwe. Pokoka m'bowo, kokani mokwanira kuti chingwe chigone pa chikopa. Pokoka pansi pa mtanda, kokani mofatsa kuti singano idzapeze njira pa mtanda wotsatira. Wophunzira amayamba mothinitsa chifukwa cha mantha, akazolowera amamasuka, akatopa amathinitsanso, ndipo chikwama chimatuluka ndi mphepete yonenepa pena n'kuonda pena. N'kwabwino kuluka mbali imodzi yonse osaimira panjira, n'kukapumira pa ngodya. Ngati mtanda wathina moti singano ikukana, utsegulireni njira ndi sipoko ya njinga yobuntha nsonga m'malo mokakamiza, chifukwa singano yokakamiza imabaya chingwe n'kuchisenda.

Pa ngodya, mtunda wa kunja ndi wautali kuposa wa pa mzere wa mabowo, choncho msoko umodzi pa bowo lililonse sukwanira kuphimba. Pa mabowo atatu a pa ngodya, ndiko kuti lapakati ndi awiri oyandikana nalo, lowani kawiri m'bowo lililonse, ndipo nthawi iliyonse muzilowanso pansi pa mtanda monga mwa masiku onse. Mabowo amenewa muwakuze pang'ono musanayambe kuti chingwe chidutse kawiri osang'amba chikopa.

Chingwe chikatsala pafupifupi masentimita 15, yakwana nthawi yolumikiza, ndipo polumikiza sipafunika mfundo. Werengani mabowo anayi kutsogolo kwa pamene mwafika. Tsegulani pang'ono pakati pa zikopa ziwiri pa bowo lachinayilo, mulowetse chingwe chatsopano kuchokera pamwamba pakati pa zikopazo, chitulukire kumbuyo kokha, ndipo kamchira kake ka masentimita awiri mukabise pakati pa zikopa. Pitirizani kuluka ndi chingwe chakale mpaka mufike pa bowo lomwelo. Pamenepo chilowetseni m'chikopa chakutsogolo chokha, chitulukire pamwamba pakati pa zikopa, muchidule n'kutsala kamchira kochepa, kamene mudzakagoneke m'mphepete kuti misoko yotsatira ikakwirire. Chingwe chatsopano chija tsopano chikutuluka kumbuyo pamalo enieni pamene chakale chikanatulukira, choncho ingochilowetsani pansi pa mtanda n'kupitiriza. Pewani kulumikizira pa ngodya kapena pamene chikwama chimapindika.

Pa ntchito yoyamba, sankhani chinthu chimene mphepete yake ili ndi poyambira ndi pothera, monga kachikwama ka foni kapena chimake cha mpeni. Pakamwa pa chinthu chotere ndi pamene pamakokedwa kwambiri, choncho lowani kawiri m'bowo loyamba ndi m'bowo lomaliza. Pomaliza, lowetsani singano chakumbuyo pansi pa misoko itatu kapena inayi yomaliza, mukoke, mudule pafupi, ndipo mudonthezepo guluu pang'ono ndi nsonga ya kamtengo ka machesi. Ngati mukuluka mozungulira chinthu chonse, monga chikwama cha ndalama chopinda pakati, yambirani m'munsi pafupi ndi popindapo, pamene maso safikapo kawirikawiri, ndipo michira yonse iwiri muibise pakati pa zikopa.

Chogwirira kapena kalamba ka pamkono kamayenera kulukidwa ndi chingwe chomwecho kuti ntchito igwirizane. Kalukidwe kobulungira ka zingwe zinayi n'kosavuta: mangani zingwe zinayi pa msomali, mutenge chakumanja kwenikweni, muchidutse kumbuyo kwa ziwiri zoyandikana nacho, muchitulutse kutsogolo n'kuchibweza pamwamba pa chimodzi. Chitani chimodzimodzi ndi chakumanzere kwenikweni, ndipo muzisinthanitsa motero mpaka kumapeto, mbali yosalala ili kunja. Mukagwiritsa ntchito zingwe ziwiri zakuda ndi ziwiri zofiirira, mitunduyo imayenda mozungulira kapena m'mizere yotsika malinga ndi mmene mwaziyalira poyamba, ndipo ndi bwino kuyesa njira zonse ziwiri pa zidutswa musanasankhe. Kuluka kumafupikitsa zingwe, choncho zidulidwe zazitali ndi theka lina kuposa kalamba kamene mukufuna.

Mukamaliza kuluka, mphepete imaoneka yotukumuka ndi yosakhazikika, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa. Goneketsani ntchitoyo pa thabwa losalala, muphimbe ndi chidutswa cha chikopa, ndipo mugogode mphepete yonse ndi nyundo yamtengo mofatsa, kutsogolo ndi kumbuyo. Misoko imakhazikika, mabowo amatsekeka mozungulira chingwe, ndipo timipata tating'ono timatha. Kalamba kobulungira mukagubuduze pakati pa matabwa awiri. Kenako pakani phula kapena polishi wopanda mtundu ndi kansalu, mulowetse bwino m'mikwingwirima ya misoko ndi mswachi wakale, mupukute mpaka panyezimire. Mafuta ophikira musawayandikize, chifukwa pakapita nthawi amanunkha ndipo amakopa chuku ndi mphemvu.

Kasungidwe kake n'kofunika kukafotokozera wogula aliyense, makamaka onyamula katundu ndi operekeza alendo kukwera phiri kuchokera ku Likhubula, amene zinthu zawo zimanyowa pafupipafupi. Chikopa chikanyowa chiume chokha pamthunzi podutsa mphepo, osati pafupi ndi mbaula kapena pa mwala wotentha ndi dzuwa, pakuti kutentha kumachiumitsa mpaka chingwe chimathetheka pamene chapindika. M'nyengo ya dzinja ndi ya chiperoni musachitsekere m'jumbo kapena pansi pa sutikesi. Chuku chikayamba kuoneka m'misoko, chipukuteni msanga ndi kansalu konyowetsa ndi vinega wosakaniza ndi madzi mofanana, chiume, ndiyeno mupakenso phula. Ngati msoko wina waduka pakapita zaka, masulani misoko itatu kapena inayi mbali zonse ziwiri za podukapo, mubise michira pakati pa zikopa, ndipo mulowetse chingwe chatsopano mwa njira yolumikizira ija. Pa chifukwa chimenechi, sungani chidutswa cha chingwe cha ntchito iliyonse imene mwagulitsa, kuti mtundu ndi m'lifupi mwake zidzafanane.